Dzanja Limene Linadikira Kumsana

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si mlembi, ndipo aka n'koyamba kulemba kanthu koti anthu awerenge, kupatula mayeso a kusukulu ndi malipoti a kuntchito. Ndime ino ndaifufuta kangapo, chifukwa munthu amene ndikufuna kusimba za iye ndi malume anga, ndipo iwo chilembo chopendama amachiona ali tsidya lina la msewu. Zimene sindinazione ndi maso anga ndinafunsa kwa mayi anga, amene ndi mlongo wawo, komanso kwa akazi awo. Pamene awiriwa anasiyana mawu ndatsata akazi awo, poti ndiwo akhala nawo nthawi yaitali. Ngati pena ndaphonya mundikhululukire, koma ndinaona kuti kukhala chete kukanakhala kulakwa koposa.

Mumsewu umene amagwiramo ntchito palibe amene amawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse, kuyambira ana mpaka eni masitolo, amangoti a Burashi. Ntchito yawo ndi yolemba zikwangwani, ndipo munthu akaima pakati pa msewuwo n'kuzungulira amaona dzanja lawo paliponse: pamwamba pa golosale, pakhomo pa osoka nsapato, pakhoma la ojambula zithunzi, ngakhale kumbuyo kwa mabasi okalamba. Zilembo zawo zimadziwika ngati mawu a m'bale wako akamayankhula kuseri kwa chitseko. K wawo amaponya mwendo kutsogolo ngati munthu wolumpha chithaphwi, ndipo S wawo amanenepa m'munsi ngati wakhuta.

Kachipinda kawo kogwiriramo ntchito n'kopanikiza, ka zenera limodzi loyang'ana kumsewu. Ukalowamo, fungo la penti ndi thinala limakulonjera mwini wake asanatsegule pakamwa. Zitini zinkandanda m'mbali mwa khoma, maburashi ataimikidwa m'botolo lodula pakhosi mitu ili m'mwamba, makwerero atatsamira pakona. Pafupi ndi chitseko panali thabwa limene ankayeserapo mitundu, ndipo linali litakhuthala ndi penti ya zaka zambiri moti mtengo wake sunkaonekanso. Polemba sankayankhula. Burashi inkakhala kudzanja lamanja, chitini kumanzere, lilime litasuzumira pang'ono pakona ya milomo.

Ntchito imodzi yokha ankadana nayo, yolemba pagalasi. Penti ya pagalasi imapakidwa mkati mwa nyumba, kuti mvula, dzuwa ndi zikhadabo za ana zisaipale. Ndiye kuti wolembayo amaima mkati n'kulemba chotembenuza, chilembo chilichonse chitayang'ana kumbuyo, kuti wodutsa mumsewu awerenge bwino. A Burashi ankayamba kulemba papepala lalikulu, n'kukalimata kunja kwa galasilo, kenaka n'kulowa mkati kumatsata mizere pang'onopang'ono ngati mwana wophunzira kuyenda. Ankatuluka ali thukuta kamukamu, khosi litauma, akung'ung'udza kuti ntchito imeneyi si yolemba koma yokopera. Akapeza podzikhululukira, ankaikana.

Amene anavutika nako kukana kumeneku ndi ometa tsitsi a tsidya lina la msewu, mnzawo wa kuyambira unyamata. Ometawa anaikitsa galasi lalikulu kutsogolo kwa malo awo, ndipo m'mawa uliwonse ankaima pakhomo, thaulo paphewa, n'kufunsa a Burashi ngati galasi lawo alilemba chaka chino kapena adikire imvi zawo zide kaye. A Burashi ankayankha kuti munthu wometa anthu mokhotakhota sayenera zilembo zowongoka. Ometa ankabweza kuti munthu wa dazi alibe pakamwa pa nkhani ya tsitsi. Galasilo linakhalabe lopanda kanthu, katoni yolembedwa ndi bolopeni itatsamira pansi pake.

Chimene anthu amumsewu sankachidziwa n'chakuti a Burashi anabadwa amanzere. Mayi anga akuti ali mwana chilichonse ankatola ndi dzanja limenelo, kaya ndi supuni, mwala kapena mpira, ndipo kunyumba ankawamenya kambama padzanjapo akalandira nalo kanthu kwa akuluakulu. Vuto lenileni linayamba kusukulu. Atapatsidwa sileti ndi choko, anayamba kulemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, zilembo zonse zitayang'ana kumbuyo. Iwo sankaona cholakwa. Anzawo anaseka mpaka kugubuduka pansi, ndipo aphunzitsi, amene sanali ankhanza koma ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akumupulumutsa mwanayo, anatenga mpango n'kuwamanga dzanja lamanzere kumsana. Ankalimanga m'mawa, n'kulimasula nthawi yoweruka. Mayi anga akuti chaka chimenecho mlongo wawo anayamba chibwibwi, ndipo chinatha chokha patapita nthawi.

Dzanja lamanja linaphunzira, koma silinaphunzire ngati la anzawo. Ana ena ankangolemba osaganiza, pamene iwo chilembo chilichonse ankachimanga monga mmisiri amangira khoma, kuyang'ana pamene mzere ukuyambira, pamene ukukhotera ndi pamene ukuimira. Ankamaliza mochedwa kuposa onse, koma aphunzitsi anayamba kuwaitana kuti azilemba mutu wa phunziro pabolodi. Ntchito ya moyo wawo inachokera pamenepo. Dzanja lamanzere linasanduka wantchito wa linzake: kugwira chitini, kugwira makwerero, kupukuta burashi. Kuyambira tsiku limene mpango unachoka komaliza, sanaligwiritsenso chinthu chilichonse cholembera, ngakhale moseweretsa.

Akazi awo okha ndiwo ankaliona. Akuti botolo likakana kutseguka, amuna awo ankalisinthira kumanzere osadziwa. Akuti tsiku lina mwana wawo woyamba, ali wakhanda, anagubuduka pabedi, ndipo dzanja limene linamuwakha asanafike pansi linali lamanzere, lamanja lisanadziwe n'komwe kuti kwachitika chiyani. Atawauza, a Burashi anangoti zinangochitika, n'kusintha nkhani. Mayiwo sanaibwerezenso.

Tsono m'mawa wina, tsitsi lotsala m'mbali mwa dazi lija litayera kale, kapu ya tiyi inawapulumuka m'manja. Anafuna kuti auze akazi awo kuti abweretse kansalu, koma mawu anatuluka ngati a munthu amene wadzaza madzi m'kamwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Patapita milungu mawu anabwerera, mwendo nawo unabwerera ngakhale unkakokeka pang'ono. Dzanja lamanja lokha linakana. Linkangogona pantchafu ngati mlendo amene sakudziwa chimene wadzera, zala zitapindikira mkati. A Burashi ankaliyang'ana nthawi yaitali, n'kumaliuza chamumtima kuti litole supuni, koma ilo osamva.

Mayi wina wa kuchipatala, amene ankawaphunzitsa kuwongola ziwalo, anawalangiza kuti ayambe kuyesa kulemba ndi lamanzere, poti ambiri amazolowera. Iwo anangogwedeza mutu mwaulemu. Atafika kunyumba anadikira kuti akazi awo apite kumsika, anatseka chitseko, n'kutenga choko ndi kathabwa. Dzanja silinazengereze. Linapita lokha kumphepete ya kumanja n'kuyamba kuthamangira kumanzere, zilembo zonse zitayang'ana kumbuyo, ndendende monga pa sileti paja. Munthu wa zidzukulu anacheukira kuchitseko ngati kuti aphunzitsi aja alowa ndi mpango, ndipo anafufuta msangamsanga ndi mkono wa malaya. Anayesa kulikakamiza kuti liyambire kumanzere, koma zimene zinatuluka zinali ngati nkhuku yapalasa. Madzulo akazi awo atafunsa za choko chimene chinali pamalaya, anawayankha kuti ayesa ndipo zakanika, asawafunsenso.

Mwana wawo woyamba uja, amene tsopano ali ndi banja lake mumzinda wina, ndi munthu wachifundo komanso wokonda kuti zinthu zikhale m'malo mwake. Anabwera n'kukhala pansi ndi makolo ake, n'kunena mofatsa kuti kwake kuli chipinda chopanda munthu, chipatala chili pafupi, ndipo ababa agwira ntchito mokwanira. Kachipinda ka mumsewu kabwezedwe kwa mwini nyumba, zipangizo zipite kwa aliyense amene angazifune. Palibe mawu amene analakwitsa. A Burashi anamvetsera maso ali padzanja lawo, ndipo anadziwa kuti kumene akupitako palibe amene adzawatche a Burashi. Kumeneko adzakhala agogo a pakhonde, oyang'ana magalimoto a eni ake. Koma akanakana ndi chiyani? Anavomera.

Tsiku losamuka mwanayo anabwera ndi lole. Iye ndi dalaivala anayamba kutulutsa zitini, thabwa loyeserapo mitundu lija ndi makwerero, akazi a a Burashi akukulunga maburashi m'nyuzipepala. A Burashi eni ake anakhazikidwa pachitini chachikulu pafupi ndi zenera kuti asatope. Zeneralo linali lisanapukutidwe chidwalireni iwo, ndipo fumbi linali litayala mkati mwake ngati ufa. Anakhala akuyang'ana msewu wodzaza ndi zilembo zawo, maganizo ali kutali, ndipo chala cha kumanzere chinakwera chokha pagalasipo n'kulemba mawu amene anawalembera eni masitolo kosawerengeka.

Ometa anali akudutsa ndi ndowa ya madzi. Anaima, anaika ndowayo pansi.

"A Burashi, mwatsekadi? Galasi langa mwalisiyira ndani?"

A Burashi anafunsa kuti wawauza ndani, poti iwo anali asanatsanzike kwa aliyense.

"Zenera lanu landiuza. Kapena mwalemba ntchito mnyamata wina wodziwa kuba S wanu?"

Apo m'pamene a Burashi anayang'ana chimene chala chawo chinachita. Kwa iwo, mkatimo, zinali zilembo zomwe zija zoyang'ana kumbuyo, manyazi a pa sileti. Anakweza mkono kuti afufute, koma akazi awo anaugwira. Mayi amene sanakwezepo mawu kwa amuna awo anangoti, "Musafufute, abambo. Tulukani kaye mukaone."

Anatuluka akukoka mwendo, anatsika pakhonde, anaima mumsewu pafupi ndi ndowa ya ometa, n'kutembenuka. Pazenera panali mawu akuti TATSEKA, owongoka ngati ayezedwa ndi lula, S atanenepa m'munsi, K ataponya mwendo wake. Panalibe pepala, panalibe mzere wotsata. A Burashi anaima pamenepo kukamwa kuli yasa. Anakumbukira magalasi onse amene anawakhetsera thukuta, mapepala onse amene anamata, ntchito zonse zimene anakana, pamene dzanja lodziwa ntchitoyo chibadwire linali pomwepo, litagwira chitini. Chimene chinawazizwitsa koposa n'chakuti dzanjali silinagwirepo burashi kuti lilembe, koma S uja linamudziwa. Zaka zonsezo linkaonerera linzake, n'kumasunga.

Mwana wawo anatuluka n'kuwerenga. Kenaka ananena mwaulemu kuti fumbi si penti, chala si burashi, ndipo adokotala anati ababa asamatope. Ometa anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kumukumbutsa kuti anamumeta akulira ali pamiyendo pa mayi ake.

"Ndibwereke mdalayu mpaka dzuwa lipendeke. Galasi likaipa ndi langa, ndipala ndi lumo. Malumo ndili nawo ambiri, makasitomala ndi amene ndilibe."

Mwanayo anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana pansi, ndipo iye anakwera m'lole n'kutsitsa chitini chimodzi cha penti yoyera. Atayamba kufunafuna maburashi m'nyuzipepala muja, bambo ake anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kaburashi kowonda, ka ubweya wautali. Anali atakabisa m'mawa, kuti apite nako ngakhale kokha.

Kwa ometa anasuntha mipando, anapukuta galasi ndi sopo mpaka linalira. A Burashi anaima mkati, anayang'ana chitini, anayang'ana dzanja lamanja. Analinyamula ndi linzake, analipinda pamimba, n'kukhazika chitinicho pachigongono.

"Lero wogwira chitini ndiwe," analiuza chapansipansi.

Mzere woyamba unanjenjemera. Burashi inali itamwa penti yambiri, ndipo dontho linatsetsereka pagalasi ngati msozi. Mwana wawo anasuntha phazi kuti alowererepo, koma ometa anamutchinga ndi thaulo, anapukuta donthilo, n'kubwerera pambali. A Burashi anapuma. Anazindikira kuti akulilamula dzanjalo monga ankalamulira linzake lija, kuliuza poyambira ndi pokhotera. Ndiye analeka. Anangoganiza mawu okha, lilime linasuzumira pakona ya milomo, ndipo dzanja linapita lokha kumphepete ya kumanja n'kuyamba kukoka.

Anthu anayamba kuima mumsewu. Osoka nsapato anabwera nsapato ili m'manja, mayi wa m'golosale anasiya kasitomala pakauntala, dalaivala wa lole anazimitsa ndudu. Moyo wawo wonse a Burashi ankalemba ali pamakwerero, atafulatira anthu, ndipo ankamva za ntchito yawo atatsika. Tsiku limenelo owerenga anali patsogolo pawo, galasi lokha lili pakati. Ankaona milomo ya anthu ikuyenda pamodzi ndi burashi, ti, ma, me, ta, chilembo chikangobadwa iwo n'kuchilandira. Kamtsikana kena kanayandikira mpaka mpweya wake unachita nthunzi pagalasi, kakutsata nsonga ya burashi ndi chala chake kunjako. Palibe amene anaseka. Dzanja lija linayenda ngati madzi amene apeza ngalande yake, osabwerera, osafunsa njira, ndipo mwini wake ankaliyang'ana ngati akuona m'bale amene anauzidwa kuti anamwalira kalekale.

Atamaliza, pagalasi panali mawu akuti TIMAMETA TSITSI NDI NDEVU. Ometa anatuluka, anaima pakati pa msewu manja ali m'chiuno, n'kupendeketsa mutu uku ndi uku. Kenaka anapempha kuti pansi pake awonjezerepo kuti a dazi timangowapukuta. A Burashi anayankha kuti zimenezo akalembe okha pakatoni paja, ndi bolopeni yawo.

Mwana wawo anayandikira. Anawerenga galasilo, analowa mkati n'kuliyang'ana chakumbuyo monga ankaliona bambo ake, n'kutulukanso. Kenaka anapita ku lole n'kuyamba kumasula zingwe. Zitini zinabwerera m'mbali mwa khoma, thabwa loyeserapo mitundu linabwerera pafupi ndi chitseko. Makwerero okha anawasiya m'lolemo.

"Awa ndikupita nawo, ababa. Mukawafuna mudzawapeze kwanga."

A Burashi anati awatenge, magalasi onse a mumsewu uno ali pansi. Akazi awo anatenga kansalu n'kupukuta zenera la kachipinda kaja, mawu a m'fumbi aja n'kupita.

Dzanja lamanja silinachire mpaka lero, ndipo sindikufuna kuwonjezera zimene sizinachitike. Zikwangwani za pathabwa ndi pakhoma sathanso kulemba, chifukwa lamanzere likakakamizidwa kuyenda njira ya anthu onse limachitabe ngati nkhuku yapalasa. Amatopa msanga, ndipo masiku ena satsegula n'komwe. Koma sitolo ya mankhwala, ojambula zithunzi ndi osoka zovala onse magalasi awo ndi olembedwa tsopano, ndipo akamalemba anthu amaimabe. Ndinawafunsa tsiku lina ngati amawakwiyira aphunzitsi aja. Anaganiza nthawi yaitali, n'kunena kuti popanda mpango uja mwina sakanaphunzira kumanga chilembo, ndiye sakudziwa kuti akwiye kapena athokoze. Chimene chimawadabwitsa, iwo anati, ndi dzanjali, kuti linamangidwa, linamenyedwa, linanyamula zitini moyo wonse, koma ataliitana silinawasungire mkwiyo.

Ine ndinali m'gulu la anthu amene anaima mumsewu tsiku lija, mwana wanga wamkazi ali kumsana. Panopa wayamba kutola zinthu ndi kukanda makoma ndi chilichonse chimene wapeza, ndipo ndamugulira mapensulo a mitundumitundu. Mwachizolowezi ndikanamutsegula zala za kumanja n'kumuikamo pensulo, monga anandichitira ine ndi monga amachitira aliyense. Sinditero. Ndiika pepala patebulo, pensulo pakati penipeni, ndipo manja amene akhale kumsana ndi anga.